Mayi Amene Ankakana Kugulitsa Matikiti

M'tawuni yathu ya Mossford, kuno ku Iowa, munali ofesi imodzi yokha yogulitsa matikiti a ndege, ndipo eni ake, malemu Mayi Verna Dolezal, ankatchuka ndi chinthu chimodzi: kukana kugulitsa matikitiwo. Ukafuna kupita ku Chicago kapena ku Florida ankakugulitsa osakuyang'ana n'komwe. Koma ukangotchula dziko la kutsidya kwa nyanja, ankavula magalasi n'kukuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, ngati ng'ombe yokayikitsa.

"Ukufuna ukatichititse manyazi kuti?" Funso loyamba linali limenelo.

Iwo ankakhulupirira kuti dziko lonse lapansi limadana ndi Aamereka, ndipo kuti silinalakwitse. "Timalankhula ngati tikuitana nkhumba," ankatero. "Timalowa m'nyumba ya eni n'kuyamba kufunsa chifukwa chake siyofanana ndi yathu. Munthu akapanda kumva Chingerezi timangokweza mawu, ngati kuti vuto ndi makutu ake. Tikakwiya timatumiza asilikali, tikakondwa timatumiza alendo ovala makabudula, ndipo sindikudziwa kuti choopsa kwambiri n'chiti."

Abusa athu anabwezedwa kawiri chifukwa chovala malaya a mbendera ya Amereka. Mkazi wa dokotala wa mano anathamangitsidwa atafunsa ngati ku Italy kuli pitsa wabwino ngati wa kwathu kuno. Ana asukulu okha ndiwo ankalandiridwa ndi maswiti, ati iwowo akadali mitengo yanthete, ikhoza kuwongoka.

Koma amene anaona zakuda kwenikweni ndi a Merle Tegeler, ogulitsa ng'ombe pa okushoni. Bambowa anali ndi mtima wabwino ndi mawu oopsa. Akapereka moni pakhomo la tchalitchi, ankayankha ndi anthu a m'boma loyandikana ndi lathu. Bambo awo, a Orval, anafera kunkhondo ku France mu 1944, kutatsala miyezi iwiri kuti a Merle abadwe, ndipo anaikidwa konko. Mu 2004 dokotala anawauza a Merle kuti mtima wawo watopa, ngati pali ulendo wautali umene akuufuna, aupange chaka chomwecho. Ndege anali asanakwerepo, Chifalansa sankachidziwa, ndipo munthu yekhayo m'tawuni muno wodziwa kufufuza manda amodzi pakati pa manda zikwi anali Mayi Verna.

"A Verna, ndikufuna ndikaone manda a bambo anga."

"Ayi."

"Simunamve n'komwe zonse!"

"Ndamva. Amvanso a kubanki kutsidya kwa msewuko. Iwe Merle, ukakatsegula pakamwa ku France, eni ake akaganiza kuti nkhondo yayambiranso."

"Akanapanda bambo anga, bwenzi pano anthu amenewo akulankhula Chijeremani!"

Mayi Verna anaimirira pang'onopang'ono. "Eya, ndi mawu amene ndimadikira amenewo. Ukuganiza kuti iwo analibe awoawo amene anafa? Ndipo iweyo unamenyako nkhondo iti? Ya nthiti za nkhumba pa chikondwerero cha Julaye? Tuluka."

A Merle anatuluka, namenyetsa chitseko. Koma kunyumba anakapeza chithunzi cha bambo awo, mnyamata wovala zausilikali, wamng'ono kuposa mdzukulu wawo woyamba, ndipo Lolemba anabweranso chipewa chili m'manja. Mayi Verna anati Lachinayi lililonse azibwera kudzaphunzira khalidwe kwa miyezi itatu. Akalephera, tikiti palibe.

Phunziro loyamba linali la mawu. Pa tebulo la mu ofesimo pankagona mphaka wokalamba, ndipo lamulo linali lakuti a Merle aitanitse chakudya popanda kudzutsa mphakayo. Tsiku loyamba mphaka anathawira pamwamba pa kabati ndipo anatsika mawa lake. Zinatenga milungu inayi.

Lachiwiri linali la zakumwa. Anapatsidwa madzi opanda ayisi ndi khofi m'kakapu kongokwana chala chachikulu.

"Kodi aka n'kolawa?"

"Ndi khofi yenseyo. Imwa, uthokoze, ndipo usafunse ngati adzakuwonjezera ulere."

"Anthu amenewa akuvutika, a Verna."

"Akuvutika ndi inu nomwe."

Lachitatu linali la mayankho. "Tiyerekeze kuti ndine Mfalansa. Mwachokera kuti, bambo?"

"Ku Iowa!"

"Iowa ndi ndani? Ukuganiza kuti ana a dziko lonse amaloweza mayina a minda yathu ya chimanga? Iweyo unganditchulire chigawo chimodzi cha France?"

A Merle anaganiza mpaka thukuta. "Paris."

"Mulungu atikhululukire."

Ndipo phunziro lalikulu koposa linali la manja. A Merle anali munthu wokumbatira aliyense, womenya anzake pamsana mpaka mano kugwedera, woitana ngakhale oweruza milandu ndi dzina loyamba. Zonsezo zinaletsedwa. Manja kumbuyo, mutu wowerama pang'ono, osasekerera munthu wosamudziwa.

Tsiku lina anatopa nazo. "Koma a Verna, ine ndinawalakwira chiyani? Dziko lawo sindinaliponde n'komwe. Angadane bwanji ndi mtundu wonse chifukwa cha makabudula?"

"Sadana ndi kabudula. Amadana ndi munthu woyenda ngati dziko lonse ndi khonde la kwawo."

"Si chilungamo chimenecho."

"Ndani anakuuza kuti ndimagulitsa chilungamo? Bwereza moni uja."

Miyezi itatu itatha, Mayi Verna anatulutsa matikiti awiri m'dirowa. "Inayo ndi yanga," anatero. "Sindikukukhulupirira."

Ku Paris, pa malo odyera oyamba, a Merle anakhala phee ngati mwana wobatizidwa kumene. Mayi Verna anapereka moni wa Chifalansa umene anakhala akuusula zaka makumi atatu, motsitsa mawu, mwaulemu wonse. Woperekera zakudya anangomva katchulidweko n'kuyankha m'Chingerezi: "Aamereka? Ku Iraq mafuta akutherani, mwabwera kudzafuna kuno?" Chakudya chawo chinabwera pomalizira penipeni, chitazizira.

A Merle anawerama n'kunong'ona, ndipo kunali kunong'ona kwenikweni. "Mwaona? Ife sitinasokose. Ndavala thalauza."

Makutu a Mayi Verna anali atafiira. "Khala chete. Ameneyo ndi wamwano chabe, amwano ali paliponse." Anadula nyama yawo mwaukali. "Komabe pali wina wa kwathu amene anamuyamba iwe usanabwere."

Patapita masiku awiri anafika kumanda kuja, pafupi ndi nyanja. Mitanda yoyera inali m'mizere mpaka kumene maso amalekezera. Pa mtanda wa a Orval panali maluwa atsopano, ndipo pambali pake panaima gogo wamfupi wovala chikhoto chakuda. Anali Mayi Odile, amene Mayi Verna ankalemberana nawo makalata pokonza ulendowu. Banja lawo linasankha manda amenewa kuti liziwasamalira, ndipo iwo anakhala akubweretsa maluwa kuyambira ali mtsikana.

Gogoyo anayandikira atatambasula manja onse awiri, nkhope atakweza m'mwamba kuti apsompsone mwana wa msilikali wawo m'masaya. A Merle anakumbukira maphunziro onse. Anaika manja kumbuyo, naweramitsa mutu pang'ono, nanong'ona moni umene ngakhale iwo eni sanaumve.

Manja a gogo aja anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana maluwa, nayang'ana Mayi Verna, nafunsa kanthu m'Chifalansa. Ankafunsa ngati mwanayu wakhumudwa, ngati mwina iwo analakwa kukhudza manda a eni zaka zonsezi.

Chikwama cha Mayi Verna chinatera pamsana pa a Merle kuti phwa!

"Chitsiru iwe, akumbatire!"

"Koma munati..."

"Ndinati chiyani ine? Akumbatire msanga!"

A Merle anawakumbatira Mayi Odile mpaka nsapato zawo zinasiyana ndi udzu. Atawatsitsa anagwada, nagwira mtanda uja ndi manja awo aakuluwo, ndipo mawu onse amene anatsekeredwa miyezi itatu anatuluka nthawi imodzi.

"Ababa! Ndine Merle! Ndafika!"

Mbalame zinabalalika m'mitengo. Anthu otchetcha udzu kumapeto kwenikweni kwa mizere anazimitsa makina n'kuvula zipewa. Palibe amene anawauza kuti atsitse mawu, ngakhale Mayi Verna, amene anali otanganidwa kufunafuna kanthu m'chikwama kwa nthawi yaitali ndithu.

Musaganize kuti Mayi Verna anabwerako atasintha. Anthu atawafunsa ngati Afalansa amatidadi, anayankha kuti, "Wina anatinyoza popanda chifukwa, wina anatikonda popanda chifukwa. Inuyo mukapita mukawapatsa chifukwa." Mlungu womwewo anabweza abusa kachitatu.

Anamwalira patapita zaka zisanu, nyengo yobzala chimanga, ndipo a Merle, ndi mtima wawo wotopawo, anali m'gulu lonyamula bokosi. Mu ofesi muja tsopano mumagulitsidwa mafoni. Aliyense amagula tikiti yake pafoni ali chigonere, n'kupita kumene akufuna atavala zimene akufuna. Amabwerako akudandaula kuti anthu akunja ngamwano, n'kuima kaye pang'ono ngati akudikira kuti wina awakalipire. Wowakalipira palibe, ndipo nkhaniyo imangozilala m'kamwa.

Makalata a ku France amabwerabe, tsopano olembedwa ndi mwana wa Mayi Odile, koma wowamasulira anapita. A Merle akalandira imodzi amakwera galimoto yawo mpaka kumanda a tchalitchi, n'kuima pa mwala wa Mayi Verna, n'kuwerenga kalata yonse mokweza, Chifalansa chimene sachimva, akupotoza liwu lililonse. Wina atawafunsa chifukwa chake, anapinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

"Tsiku lina a Verna adzalephera kupirira, adzadzuka kudzandikalipira," anatero.