Bowa wa Zakeyu Apita ku Bucha

M'mudzi wina umene sitiutchula dzina, poopa kuti midzi ina ingachite nsanje, munali msika wolamulidwa ndi sayansi.

Sayansiyo inkafika m'mawa uliwonse itakulunga chitumbuwa. Mayi wina wophika zitumbuwa anatola m'tauni buku lalikulu la zodabwitsa za m'dziko, lopanda chikuto, ndipo ankalithothola masamba n'kumakulungira malonda ake. A Filimoni Kabango, Mlangizi Wamkulu pa Nkhani Zodabwitsa ndi Zina Zotero, ankagula chitumbuwa, n'kudya, n'kuwerenga pepala lonona mafutalo, kenako n'kuthamanga nalo kwa a Chikhadwe, Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Msika. Dzuwa likamayamba kuwawa, zimene zinali papepalapo zinkakhala zitasanduka lamulo.

Mfundo ya a Chikhadwe inali imodzi yokha: malonda aliwonse azikhala ndi abale ake. Pepala litanena kuti phwetekere ndi chipatso, amayi a phwetekere anasamutsidwa kukakhala pakati pa mango ndi mapeyala. Litanena kuti mchere ndi mwala, ogulitsa mchere anapezeka kunja kwa mpanda, limodzi ndi ophwanya miyala yomangira. Litanena kuti uchi suwonongeka ngakhale papite zaka zambirimbiri, mkulu wogulitsa uchi anapatsidwa malo kuseri kwa zimbudzi, popeza iyeyo analibe chothamangira. Tsiku lina pepala linati nkhono zina zimagona nyengo yonse yachilimwe osadzuka. Lamulo silinatuluke, koma mlembi wa komiti anasiya kupepesa akamawodzera pamsonkhano. Odandaula ankauzidwa mwaulemu kuti padziko pali zinenero zikwizikwi, choncho Apampando sangamve chilichonse.

Ndiye kunabwera Zakeyu Chimbalanga, mnyamata amene anali atangokhala kumene bambo. Mkazi wake, Ndaziona, anali m'chikuta ndi mwana wawo woyamba, wamkazi. Mchombo unali utagwa, ndipo m'mawa mwake mwanayo ankayenera kutuluka kuti anthu amuone ndi kumutcha dzina. Zakeyu anali atalonjeza kuti mwana wake sadzaonekera kugulu m'chitenje chakale. Adzatuluka mu shawelo yatsopano, yoyera, ya mphonje. Mvula inamumvera chisoni: kutchire kunamera bowa wa utale waukulu ngati maambulera, ndipo iye anadzaza dengu mpaka kusefukira. Koma bowa sadikira munthu. M'mawa amakhala ndiwo, madzulo amakhala fungo.

Akuti atule dengulo pakati pa ogulitsa mpiru ndi bonongwe, a Kabango anatulukira akupuma wefuwefu, milomo ili noninoni.

"Imani pomwepo, achimwene! Musatule!"

"Ndalakwanji, bambo?"

"Inu ayi. Koma kodi mukudziwa kuti bowa si chomera? Alibe masamba, sachita maluwa, sapanga chakudya ndi dzuwa ngati chimanga. Akatswiri akuti ubale wake uli pafupi ndi nyama kusiyana ndi zomera. Nyama, achimwene! Ine mpaka ndinatsamwa ndi chitumbuwa."

"Zikomo kwambiri pondidziwitsa," anatero Zakeyu. "Ndingagulitse tsopano?"

Apo n'kuti a Chikhadwe atafika kale, manja ali kumbuyo. Anasuzumira m'dengumo ndi nkhope ya munthu amene wapeza ng'ombe m'tchalitchi.

"Mnyamata iwe, ukufuna kutula ziweto pakati pa mpiru? Zikadya malonda a anthu?"

"Apampando, ndi utale uyu. Ndazula ndekha m'mamawa."

"Sunazule. Wagwira. Pita nazo ku bucha."

Ku bucha kunali Che Bwanali, munthu wa mimba yaikulu ndi phwete losatha. Ataona dengulo anasisita mwendo wa mbuzi umene unali lende pa ngowe, n'kunena kuti, "Mbuzi iwe, dzuka ulonjere asuweni ako, abwera kuchokera kumudzi!" Atatha kuseka anapukuta misozi n'kumuuza Zakeyu kuti pa bucha sipagulitsidwa kanthu kosayezedwa. Adikire a vetenale.

A vetenalewo anali Mayi Nangondo, amene m'mawa womwewo komiti inawakweza kukhala Woyang'anira Wamkulu wa Ziweto Zoyenda ndi Zosayenda. Anafika pa njinga dzuwa litakwera, n'kuvala magolovesi mosafulumira, chala chimodzichimodzi.

"Zinabayidwa katemera?"

"Ayi, mayi."

"Kudibi zimapita?"

"Mayi, zamera dzulo lomweli."

"Ndiye kuti ndi ana. Make ali kuti?"

Zakeyu anayang'ana kumwamba, osati pofuna kuyankha, koma pofuna kuona pamene dzuwa lafika. Mayi Nangondo anafunafuna nkhupakupa, anapeza nyerere imodzi, n'kuikhululukira. Anatulutsa chida choyezera kutentha kwa thupi n'kutembenuza bowa uku ndi uku kusakasaka pochilowetsa, mpaka anachibweza m'thumba mwakachetechete. Atafika pa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, nkhope yawo inawala.

"Pakamwa palibe, mapazi palibe. Chiyambireni ntchito ino sindinaonepo ziweto zotetezeka chonchi. Bambo, mukuweta bwino."

"Zikomo, mayi. Ndiye ndigulitse?"

"Zamoyo? Pa bucha? Ziphedwe kaye."

Che Bwanali ananola mpeni pamwala, n'kunyamula bowa mmodzi. Anamuyang'ana pamwamba, anamuyang'ana pansi.

"Khosi lili pati?"

A Kabango anakweza pepala lija kudzuwa, koma pamene panayenera kukhala yankho panali patalowa mafuta. Nkhani ya khosi inapita ku komiti, ndipo komiti inakhala pansi pa mtengo wa mango. Ena ankati phesi lonselo ndi khosi. A Kabango anagwirizana nawo, n'kuonjezera kuti nyamalikiti, ndi kutalika konse kuja, ili ndi mafupa a m'khosi ofanana chiwerengero ndi a munthu, zimene sizinathandize kanthu koma zinawomberedwa m'manja. Ena ankati phesilo ndi mwendo, ndipo kudula chiweto mwendo chili moyo ndi nkhanza. Mlembi anagona.

Nthawi yonseyi Zakeyu anali atavula malaya n'kuphimba dengu lake. Ankawaza timadzi, ankakupiza ndi katoni, ankasuntha dengulo kutsata mthunzi. M'mphepete mwa bowa munayamba kupindika ndi kuda. "Pirirani, anzanga," ankanong'ona motero ndi mawu amene anali atangowaphunzira sabata yomweyo, oyankhulira kwa khanda. Kenako analimba mtima, n'kukagwada pamaso pa komiti.

"Apampando, mwana wanga akutuluka mawa. Bowayu akavunda, shawelo palibe. Dulani paliponse, ine sindidandaula."

"Tikumvetsa, mwana wanga," anatero a Chikhadwe. "Nafenso tinabadwapo. Koma dongosolo ndi dongosolo."

Dzuwa litapendeka, a komiti anavota pokweza manja, ndipo zinapezeka kuti khosi la bowa lili m'munsi mwenimweni mwa chipewa. Che Bwanali anagwira ntchito yake mwaulemu wonse. Amayi ena anatembenukira kumbali. Mkulu wina atafunsa chifukwa chake magazi sakutuluka, a Kabango anamuuza kuti nyamazo zafa mwamtendere. Mayi Nangondo anatsegula kabokosi ka inki yapepo n'kudinda chipewa chilichonse chidindo chija chimene chimadindidwa pa ntchafu ya ng'ombe. Pha! Pha! Pha!

Zakeyu anakhala pansi, mutu uli m'manja. Ndani angagule bowa wofota, wodulidwa mutu, wopakidwa inki?

Mayi wina amene ankadutsa ndi kamtolo ka nkhwani anaima. Anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Achimwene, chidindochi n'chenicheni?"

"N'chenicheni, mayi."

"Ndiye kuti imeneyi ndi nyama?"

"Akutero akuluakulu."

"Pa mtengo wa bowa?"

Zakeyu asanayankhe, mayiyo anaponya nkhwani uja pansi n'kululutira. Mbiri inathamanga msika wonse mpaka kuseri kwa zimbudzi, kumene wa uchi naye kwa nthawi yoyamba anapeza chothamangira. Anthu amene anali asanalawe nyama chichokereni Khirisimasi anaima pamzere wokhotakhota mpaka kumsewu. Wina ankafuna ya mafuta. Wina ankati amupatse ntchafu, ndipo Zakeyu anamupatsa phesi, onse awiri osaseka. Agogo ena opanda mano anayamika boma chifukwa chobweretsa nyama yopanda mafupa. Bambo wina anakana kuti amukulungire, ankafuna kuti anthu oyandikana nawo nyumba aone chidindo. Che Bwanali anatsala yekha ndi mbuzi yake ndi ntchentche, ndipo phwete lija linamuthera.

Dengu litatha, Zakeyu anathamangira kwa ogulitsa zovala. Shawelo kunalibe. Anamuuza kuti zinasamuka, popeza pepala linati ulusi wake umapangidwa kuchokera ku mafuta okumba pansi. Anakazipeza pakati pa ogulitsa palafini. Imene anasankha inkanunkhako nyali pang'ono, koma inali yoyera, yofewa, ndipo mphonje zake zinali zonse. Anaiika patsaya, n'kuseka yekha ngati wamisala, n'kulunjika kuchipata.

Pachipatapo panali a Chikhadwe atatsamira njinga yawo, a Kabango ali pambali. Apampando anali ataona mzere uja, ndipo mzere wotero wopanda gawo la komiti sakanaulekerera.

"Mnyamata, ziweto zija unazitenga m'khola la yani?"

"Zilibe khola, Apampando. Kutchire."

"Kutchire!" A Chikhadwe anatembenukira kwa anthu amene anayamba kusonkhana. "Mwamva nokha. Si ziweto, ndi nyama zakutchire. Chilolezo chosakira uli nacho? Ulibe. Ndiye kuti ndiwe wopha nyama mozembera, ndipo zonse zimene wapindula nazo ndi za komiti. Bwera nayo shaweloyo."

Zakeyu anaifumbata ndi manja onse awiri. M'maganizo mwake anaona Ndaziona akutuluka pakhomo mawa, anthu atadzaza bwalo, mwana ali m'chitenje chothetheka.

Koma a Kabango anali akudumphadumpha ndi chimwemwe.

"Apampando, mfundo imeneyo ndi yokoma zedi! Ndipo siithera pamenepo. Nyama yozembetsa, wogula nayenso ndi wolakwa! Aliyense wopezeka nayo amangidwe limodzi ndi wosakayo. Tiyambe chipikisheni pompano. Ndipo kuti anthu aone chitsanzo, tiyambire kumpando!"

Munthu asanawagwire dzanja, anali atamasula kale chikwama chimene chinali pa kaliyala ya njinga ya Apampando. Anatulutsamo utale waukulu kuposa onse, umene a Chikhadwe anagula kuseri kwa mzere, chidindo chili waliwali pachipewa.

Msika wonse unayang'anitsitsa chidindocho. Mpaka mbuzi za m'mbali mwa msewu zinasiya kubzikula.

A Chikhadwe analandira bowayo modekha. Anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Kenako ananyambita chala chachikulu, n'kuyamba kutikita chidindocho, pang'onopang'ono, mpaka panatsala kabanga chabe.

"Anthu inu," anatero, "munayamba liti kusazindikira ndiwo? Uyu ndi bowa. Makolo athu ankamudziwa kuti ndi bowa, ife takula tikudya bowa."

"Koma Apampando, sayansi ikuti..."

"Sayansi ilibe mpando mu komiti ino, a Kabango."

Apo mayi wa nkhwani uja anakuwa kuchokera kumbuyo. "Ndiye ife titani? Tatumiza kale uthenga kunyumba kuti lero ndi nyama! Ana asamba kale m'manja!" Anthu anayamba kung'ung'udza, ena atakumbatira timapukusi tawo ngati wina akufuna kuwalanda.

A Chikhadwe anakweza dzanja, chala chili bii ndi inki.

"Chigamulo ndi ichi. Wa m'chikwama changa ndi bowa. Wa m'miphika mwanu ndi nyama. Ndipo dziko lonse lidziwe kuti mu ulamuliro wanga, nyumba iliyonse m'mudzi muno yadya nyama."

Nthungululu inamveka mpaka kuphiri.

"Nanga mnyamatayu?" anafunsa a Kabango.

"Mnyamata uti? Ine ndikuona bambo wa ulemu wake ndi dengu lopanda kanthu. Pitani, bambo. Mukapereke moni kwa amake mwana."

Zakeyu sanadikire kuti abwereze. Atangodutsa chipata, a Kabango, amene chimwemwe chawo sichinkachedwa kuchira, anamukuwira kumbuyo.

"Achimwene! Za mwana wanuyo! Kodi mukudziwa kuti khanda limabadwa ndi mafupa ambiri kuposa munthu wamkulu?"

Zakeyu sanacheuke. Analowetsa shawelo m'malaya n'kuliyatsa liwiro, pakuti mumsika umenewo aliyense ankadziwa kuti abale ake a mafupa amakhala kwa Che Bwanali.