Chipsera Chasamukira Kumanja

Lolemba

Chikalata chapaulendo chili m'manja. Tikiti ya basi ili m'Baibulo. Lolemba likubwerali ndikunyamuka, zaka zisanu ndi ziwiri chichokereni kumudzi! Mwana wanga Tadala ndinamusiya ali ndi zaka ziwiri, akuyamwabe chala. Pano ali sitandade 4. Ndamulonjezapo katatu kuti ndikubwera, katatu konse bodza. Ulendo uno ndalumbira.

Masana Esnati, mnzanga wogwira ntchito m'nyumba ya kuseri kwathu kuno ku Chatsworth, mu Durban, wabwera kudzaona chikalatacho. Wayang'ana chithunzi, wandiyang'ana ine, wayang'ananso chithunzi. "Iwe, chipsera chako chasamuka liti?"

Mayo ine! Chipsera changa, chija ndinachipeza nditagwa pa njinga ndili mtsikana, chili pamwamba pa nsidze yakumanzere. Pa chithunzi chili kumanja!

Zonsezi n'zodziyamba ndekha. Pasipoti inanyowa denga la chipinda changa litadontha, masamba onse phala. Ku ofesi ya kwathu ku Joni anati bwerani ndi zithunzi ziwiri tikupatseni chikalata chopitira kumudzi. Ine kuchenjera: ku situdiyo ndikatani foni ndili nayo? Ndinaima kutsogolo kwa firiji yoyera ya a madamu, selefi, kenako kukatsukitsa ku shopu. Kuti foni yangayi imatembenuza nkhope ngati galasi, ndadziwa lero.

Tiyi wandikana. Mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri

Ntchito sikuyenda. Mchere ndathira kawiri mu biriyani. Buluku la abwana ndasita mwendo umodzi, winawo ndaiwala.

Ndawerenga mawindo a pa boda oti ndikaimepo, munthu n'kundiyang'ana kumaso:
1. Beitbridge, potuluka
2. Beitbridge yomweyo, polowa Zimbabwe
3. Nyamapanda
4. kulowa Mozambique
5. Zobue
6. Mwanza

Anthu asanu ndi mmodzi! Onsewo angakhale ndi ng'ala?

Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndafunsa nzeru.

Esnati akuti masiku ano kuli kompyuta yoyeza nkhope, ikangolira, basi wagona m'selo. Iyeyu sanadutsepo pa boda chibwerereni, ndipo pobwerapo amati anali m'tulo njira yonse. Koma akunena ngati kompyutayo anaikonza ndi amalume ake.

A madamu akuti, "Don't worry, my girl, nobody looks." Iwo kutali kwawo ndi ku Maritzburg, pafupi pomwepa.

Achemwali anga, amene akulera Tadala kumudzi, akuti ndingopemphera. Awonjezanso kuti mwanayo wasesa kale m'chipinda choti ndidzagonemo. Lachiwiri lomwe lino! Ndikalephera kufika, ndidzamuuza chiyani? Kuti mayi ako anabwezedwa chifukwa cha selefi?

Kubwerera ku Joni kukasinthitsa sizingatheke. Chikalata chatsopano sichingatuluke basi isananyamuke, ndipo a madamu sangandimasulenso masiku athunthu sabata ino.

Ndaganiza: ngati chithunzi sichingasinthe, isinthe ndi nkhope. Zofunika:
– phoda wobisira chipsera chenicheni
– pensulo ya nsidze yojambulira chatsopano
– mtima wolimba

Ziwiri zoyambazo zipezeka.

Lachitatu

M'mawa, ndikutsuka bafa la a madamu. Ndaima pa galasi lalikulu, chikalata m'manja. Ndayang'ana m'galasi, ndayang'ana chithunzi. Chimodzimodzi! Chipsera mbali imodzi, uku ndi uku! Ndiye Esnati amandiopseza chiyani? Ndavina ndi mopu mpaka kukhitchini. Ndaimba makwaya atatu.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndikuyanika zovala, mapegi ali kukamwa, nzeru zabwera zokha: wa pa boda si galasi. Adzandiona mmene amandionera Esnati. Mapegi agwa pansi.

Tabwerera ku pulani ya dzulo.

A madamu andipatsa phoda wawo wotsala m'kabotolo. Mtima wabwino, koma khungu lawo si langa. Ndamata pa chipsera, pamphumi payera mbee, ngati khoma lopaka laimu malo amodzi. Ndasakaniza ndi kokowa pang'ono. Bwinoko, kungoti ndikununkhira ngati keke.

Kujambula chatsopanocho ndiye mavuto. Pa galasi dzanja likupita kumene sindinalitume. Koyamba ndajambula pamwamba penipeni pa chakale chomwe ndangobisa kumene. Ndafufuta, ndayambanso. Kachiwiri chatuluka chachitali, ngati ndinatemedwa ndi chikwanje. Kachitatu, eya, chokhotakhota bwino, ngakhale mayi anga akanachivomera.

Kuyesa: ndipite ku shopu kukagula buledi, ndibwere, tione.

Dzuwa la Durban silidziwa za mapulani a munthu. Pofika pa geti thukuta lili kamukamu, phoda watsikira m'diso, chipsera chakale chatulukira poyera, chatsopano chayamba ulendo wopita kukhutu. Tsopano ndili nazo ziwiri! Abwana andiyang'ana, atsegula pakamwa, atsekanso, alowa m'nyumba.

Kuchokera pano kukafika pa Beitbridge ndi tsiku lathunthu pa basi. Phoda wapirira mphindi makumi awiri.

Lachinayi

Pulani yachiwiri: duku. Ndamanga lotsika mpaka m'maso. Chipsera chabisika, njira nayonso yabisika, ndagunda mpando. Esnati akuti pa windo amauza munthu kuti akweze duku aone mphumi. Ameneyu bwanji sakhala ndi nkhani yabwino ngakhale imodzi?

Pulani yachitatu: pulasitala. Imodzi pa nsidze yakumanzere, ina yakumanja. Wa pa boda asankhe yekha kumene akufuna chipsera chikhale.

Ndayesa pa tekisi, minibasi ya kuno, popita kukagula chikwama chachikulu chonyamulira katundu. Tekisi yonse cheu kundiyang'ana. Mayi wina wachikulire wa Chizulu wandigwira bondo. "Hawu, mntanami, ukushayile? Mshiye!" Akuti ndimusiye mwamuna wondimenyayo. Mwamuna wake uti! Bambo a Tadala anandisiya okha kalekale, sanadikire kuti ndiwasiye. Koma m'tekisi ine sinditalikitsa nkhani, lilime lingandiulule kuti ndine wa kuti. Ndangoti, "Yebo, ma." Iwo ndiye ayamba kuuza tekisi yonse. Bambo wa kutsogolo wapukusa mutu, mtsikana wina wandipatsa switi. Potsika andiuza kuti andipempherera.

Nthawi yonse ndakhala muno ndikudzibisa kuti anthu asandione kawiri. Lero ndaonedwa ndi tekisi yathunthu.

Pomata pulasitala ndi zosavuta. Pomatula yachotsa theka la nsidze yakumanja. Pa chithunzi ndili ndi nsidze ziwiri zathunthu!

Mu chikwama mwalowa:
– nsapato za Tadala (saizi ndangoyerekeza)
– diresi lachikasu
– bulangeti la achemwali
– mantha, amenewa akudzaza paliponse

Lachisanu

A madamu andipatsa mpata masana. Ndathamangira ku Isipingo kwa a Che Mussa, bambo a ku Mangochi ogulitsa mabulangeti, amene amapita kumudzi ndi katundu pafupipafupi. Njira imeneyi amaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yawo.

Pulani yachinayi, yanzeru kuposa zonse: kunena zoona, ndi umboni. Ndagula kagalasi kam'manja. Wa pa boda akakayika, ndidzaika chikalata pa kagalasi, nkhope idzatembenuka, chipsera chidzabwerera kwawo.

A Che Mussa avomera kukhala wa pa boda. Akhala pa mulu wa mabulangeti, avala magalasi, akwinya nkhope. "Passport!" Ndaima chilili ngati ndili pa boda penipeni, chonsecho ndi a Che Mussa omwewa amene amandipatsa tiyi. Ndapereka chikalata. Ndatulutsa kagalasi. Chizungu chonse chathawa, chatsala "Sir, the phone, the fridge."

Ayang'ana m'kagalasimo nthawi yaitali. "Nkhope yakhala bwino, mwana wanga. Koma dzina lako tsopano likuwerengeka chobwerera. Dziko lakonso latembenuka."

Aseka mpaka kutsokomola. Ine sindikuseka.

Ndawafunsa galasi amalitcha chiyani m'Chipwitikizi, poti ku Mozambique Chizungu changa sichikagwira. Akuti zaka zonsezi amadziwa mawu awiri okha, moni ndi zikomo, ndipo amadutsa nawo. Akutinso pa boda munthu wofotokoza kwambiri ndi amene amamuika pambali. Upereke pepala, utseke pakamwa, uyang'ane kutsogolo.

"Nanga amayang'anitsitsa?" "Ena amayang'ana, ena sayang'ana. Zimatengera ngati adya."

Ndiye ulendo wanga wonse, ndi lumbiro langa kwa mwana, zadalira nkhomaliro ya anthu asanu ndi mmodzi osawadziwa!

Pobwerera kagalasi kasweka m'chikwama, ndinakakhalira.

Loweruka

Ndachita chimene ndikanachita poyamba pomwe. Ndapita ku Point, ku situdiyo yeniyeni, ya nsalu yoyera ndi nyali. Wojambula akuti ndisamwetulire. Asadandaule, sabata ino sindinamwetulirepo.

Zithunzi zatuluka. Chipsera kumanzere, pamalo pake. Koma mayi ameneyu ndani? Mphuno yapendekera mbali ina, diso limodzi laling'ono, pakamwa ngati akufuna kufunsa funso. Ndauza wojambula kuti makina ake ali ndi vuto. Wandiyang'ana, wayang'ana chithunzi. "Sisi, ndi inuyo ndendende." Ndi Mmalawi mnzathu, wa ku Dedza, wandizindikira ndi kadandaulidwe.

Ndiye ndimayenda chonchi, anthu osandiuza? Zaka zonsezi ndimadziwa mayi wa m'galasi ndi wa m'foni. Uyu wa anthu ena ndakumana naye lero, ndipo sindinamukonde kwenikweni.

Esnati akuti timatule chithunzi chakale pa chikalata, timatepo chatsopano ndi guluu. Ayi! Kupusa ndapusa sabata yonse, koma kundende sindikufuna. Chikalata chikhale mmene chilili. Zithunzi zatsopanozi ndingonyamula m'thumba, kaya zidzathandiza chiyani.

Wojambula wanditumiziranso chithunzicho pa foni. Ndachitumiza kwa achemwali kuti amuonetse Tadala, aone mayi ake ajambulidwa ngati anthu. Kwathu netiweki ya vidiyo kulibe, timangotumizirana mawu ndi zithunzi, achemwali akakwera pa chulu.

Chikwama chakana kutsekeka. Ndakhalapo, chatseka, zipi yaduka.

Lamulungu

Kutchalitchi andiimika kutsogolo, andipempherera za ulendo. Za chipsera sindinatchule. Theka la nsidze ndajambulira ndi pensulo ija, yapeza ntchito.

Mapulani atha. Akandibweza, andibweza. Akadya, ndadutsa. Zipi ndasoka, chikwama ndamanga ndi chingwe. Basi mawa m'mawa.

Masana foni yalira, uthenga wamawu wa achemwali. Akuseka: "Mva wekha zimene akunena mwana wako." Kenako kamawu ka Tadala, kolimba, kopanda chikayiko: "Awa si amayi anga. Amayi anga chipsera chili mbali iyi. Awa angofanana nawo."

Achemwali akuti mwanayo wakana mpaka kukwiya. Watenga foni, wawaonetsa zithunzi zanga zonse, za Khirisimasi, za kunyanja, za pa geti ya a madamu. Zonse selefi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumutumizira mayi wotembenuka, ndipo ndi yekhayo amene amamudziwa. Akuti wauza kale anzake kuti pa depoti ku Blantyre sadzafuna womuthandiza, adzandizindikira yekha ndi chipsera, basi isanaime n'komwe.

Ndamvetsera uthengawo kanayi. Koyamba ndaseka nawo. Kachinayi ndalira, kulira kwenikweni, nditakhala pa chikwama. Sabata yonse ndimaopa kuti mlendo wa pa windo sadzandizindikira.

Ndayankha achemwali. Ndati asamutsutse, asamukalipire, mwanayo sakunama. Koma tsiku lofikalo amugwire dzanja, aime naye pafupi ndi chitseko cha basi. Ndikatsika, akaona kuti wandiyang'ana n'kupitiriza kuyang'ana kumbuyo kwanga, amugwedeze pang'ono, amuuze kuti ndi amenewo.