Zipolopolo zana ndi tebulo la m'galaja

Lolemba

Mizere iwiri pa kapulasitiki koyezera kaja. Korona. Mayi a Tadala, poti ndi namwino pa chipatala cha ku Nedlands, kuno kwa azungu, mlandu augamula pomwepo: masiku asanu ndi awiri m'galaja, chakudya chizindipeza pakhomo. Ine chamumtima ndikuseka. M'galaja muno ndi momwe muli makina anga odzazira zipolopolo, aja ndinagula kwa mdala Kevin wa ku kilabu yathu yowombera chandamale. Chigulireni sindinawagwirepo.

Koma aponyanso mawu kuseri kwa chitseko: "Bambo a Tadala, tebulo limenelo latha chaka likungosunga fumbi. Pofika Lamulungu mundionetse ntchito yake. Apo ayi, pakhala mashini anga osokera."

Ndavomera. Zipolopolo zana za pisitolo, zonse msinkhu umodzi. Munthu woyeza zitsulo ku fakitale ya ku Welshpool tsiku ndi tsiku, chingandivute n'chiyani?

Lachiwiri

Ntchito yake ndi yachibwana. Kuika chigoba cha chipolopolo, kukhazika mutu wake pamwamba, kukoka mkono wa makina mpaka pansi. Mutu ukalowa kwambiri ndi ngozi, ukatsalira kunja mfuti imakana.

Masana kwaya ya kumpingo ikuphunzira nyimbo za Pasaka pa foni. Ndaimika foni pa shelefu, besi ndikuimba, mkono ndikukoka. Chifuwa chilipo koma besi wa chimfine ndiye amakoma.

Makumi atatu zatheka. Ndazindandalika, ndayeza ndi kalipa, kachipangizo kanga koyezera msinkhu. Zina zazitali, zina zazifupi, ngati ana a sukulu pa asembule. Mwina ndi maso.

Lachitatu

Si maso. Makumi atatu zina pa nthawi ya kwaya, vuto lomwe lija.

Oganiziridwa:
mwendo wa tebulo, umagwedera
kalipa, mwina batire
zigoba, n'zosakanizika
mdala Kevin, anandigulitsiranji makinawa?
korona

Ndapinda katoni pansi pa mwendo. Batire ndasintha. Mayi akufunsa mokoma, "Zikuyenda?" Ndayankha kuti kwambiri. Ndikumva akuyeza khoma la galaja ndi tepi, kunjako.

Lachinayi

Ndaimbira mdala Kevin. Akuti makina amenewo anawagwiritsa ntchito zaka zambiri osadandaula. Akuti nditsuke chokankhira mutu, ndimange nati yake zolimba, ndisankhe zigoba za mtundu umodzi. Pomaliza akuti, "Nthawi zambiri vuto limakhala pa munthu wokokayo." Mwano wa azungu, amaunena akuseka.

Ndachita zonse. Lero kwaya kulibe, m'galaja muli zii. Ndapanga khumi mofatsa. Ndayeza. Zonse ndendende!

Ndagogoda chitseko kuti mayi amve: mashini awo akawapezere malo kuchipinda kwa Tadala. Angoti, "Khumi si zana, bambo."

Lachisanu

Kwaya yabwerera. Makumi anayi m'maola awiri, dzanja likuchita kuuluka. Ndayeza. Zoyambirira zili bwino, zapakati zatalika, zomaliza bwino. Ndakhala pa ndowa kuziyang'ana, nazo zikundiyang'ana. Mtima ukundipweteka zenizeni. Kuntchito anyamata amabwera kudzafunsa ine za miyeso, lero ndikugonja kwa kachitsulo kosakwana chala.

Pakhomo, pafupi ndi mbale, ndapeza bokosi la ulusi. Akuti angolisiya kaye.

Loweruka

Chinsinsi chaululika, pamaso pa kwaya yonse. Kani sabata yonseyi foni sindimaitseka mawu. Pakati pa nyimbo a Mbewe, otitsogolera, aimitsa:

"Amene mukuimba chisekese kumeneko, pa nyimbo yodekha mukumenya bwino ndithu. Koma tikafika pa kolasi mukuthamanga, mukudula pakati."

Chisekese chake ndi makina anga. Pa nyimbo yodekha mkono umafika pansi. Pa kolasi ndimaubweza usanafike kuti ndisatsalire. Zazitali zonse zija ndi za kolasi. Mdala Kevin sananame.

Ndawerenga zabwino: makumi anayi ndi chimodzi. Zotsalazo n'zofunika kuzizula mitu ndi kahamala kake, n'kuyambanso. Nthawi ilipo. Ndamenya katatu, go, go, go, chitseko chagogodwa. Ndi mayi.

"Ndachokera ku naiti, bambo. Mukamenyanso kamodzi, sitidikira Lamulungu."

Kahamala ndakaika pansi mwaulemu.

Lamulungu

Mzere umodzi. Ndamasulidwa. Ndinayesa kuchonderera kuti makumi anayi ndi chimodzi ndi pafupifupi theka, ndipo vuto ndalipeza. Akuti n'zosangalatsa kuti ndalipeza, ndigwire mbali iyo ya mashini awo tinyamule.

Makina anga ali m'katoni pansi pa tebulo. Zipolopolo ndatsekera mu sefa yachitsulo ya loko, zazitali pazokha. Tebulo ndalipukuta ndekha, ngakhale mwendo uja ndawakonzera.

Panopa mayi akusoka mamasiki a azimayi a kumpingo. Phazi pa mashini, pakamwa kolasi yomwe ija, mothamanga kuposa a Mbewe. Atapita kukathira tiyi ndinatenga kalipa mwakachetechete n'kuyeza msoko wawo, kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto.

Wonse ndendende. Kalipa ndawapatsa, azisungira mu bokosi la ulusi.