Mwendo wa Njovu Umene Ndinalonjeza Mudzi

Mpaka lero apongozi anga aamuna akandiona, amayamba ayang'ana m'manja mwanga ngati muli nyama. Chinandipalitsa ndi Chingelezi changa.

Ndinali mkamwini watsopano ku Mnkhanya, wopanda ntchito, chaka chomwe njovu za m'paki zinasesa mapira a apongoziwo. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku ofesi ya zanyama kudzaitanira anthu ku msonkhano. Chinyanja chake chinali chotsimphina, ndiye anati akapeza womasulira wabwino amulemba ntchito. Ndinadzipereka msangamsanga (ndinali nditatsukako mbale pa kampu ya alendo ku Nkwali, basi ndinkadzimva ngati Chingelezi ndinayamwira).

Zinayamba bwino. Kenaka mayiyo anati mawa tidzakambirana za "legislation" yokhudza njovu zowononga minda. Mawuwo ndinali ndisanawamvepo, koma apongozi anali kutsogolo, maso ali pa ine. Ndinangogwira kachidutswa komwe ndinkakadziwa: "leg" ndi mwendo.

"Akuti mawa kuli nkhani ya miyendo ya njovu," ndinatero mokweza.

Anthu anawomba m'manja. Kunotu njovu yovutitsa ikaphedwa nyama amagawana, ndiye aliyense anamva zake.

M'mawa mwake mudzi wonse unakhamukira kumsonkhano, ena ndi mabeseni, ena ndi nkhwangwa. Apongozi anafika pa njinga atamangirira thumba la mchere.

"Nanga mabeseniwa ndi a chiyani?" anandifunsa mayi uja.

Ndinaulula, ndipo ntchito ndinaiona ikuthawa. Iye anaseka mpaka misozi, kenaka anandilongosolera kuti mawuwo ndi ochokera ku Chilatini. "Legis" ndi lamulo, mbali yotsalayo ndi kunyamula n'kubweretsa pabwalo. Anawonjezera kuti akatswiri ena amati muzu wake wakale kwambiri unkatanthauza kusonkhanitsa.

"Ndiye pa kusonkhanitsapo mwakhoza," anatero. "Ku misonkhano yanga kumachuluka mbuzi kuposa anthu. Auzeni zoona, tiyambe."

Ndinawauza. Anandikalipira ndithu, koma poti anali atafika kale, anatembenuza mabeseni awo n'kukhalapo. Ananena zonse za njovu ndi minda yawo, mayiyo akumvetsera zoti akatule kwa opanga malamulo. Ntchito ija ndinaipeza, ndipo masiku ano mawu achilendo ndimayamba ndafunsa (nthawi zambiri).

Pobwerera, apongozi anamasula thumba lija n'kundisenzetsa pamutu.

"Akamwini, za lamulo tamva," anatero. "Mcherewu musunge bwino. Mwendo wanga uja ukadzafika, tidzathire."