Kamera ya Ababa ndi Ulendo wa Yusufu

Lolemba

Mchimwene wanga Yusufu akunyamuka Loweruka kupita ku Joni. Akuti zaka zitatu basi. Zaka zitatu za ku Joni timazidziwa: za amalume zinafika khumi ndi ziwiri.

Amayi akufuna chinthu chimodzi asanapite, chithunzi cha iwo ndi ana awo tonse anayi. Cha pafoni akana. "Zimenezo zimagwera m'madzi pamodzi ndi foniyo. Ndikufuna chogwirika, ngati zomwe ankajambula ababa anu."

Ndatulutsa kamera ya malemu ababa m'sutikesi. Ankazungulira nayo pa njinga m'maukwati, kuyambira Makokola mpaka Nkhudzi. Ine ndinkangoonerera, koma kuonerera nakonso ndi sukulu.

Zomwe zilipo:
kamera, yonunkha mankhwala a njenjete;
lamba wake, makoswe analawako;
chivindikiro cha galasi;
filimu imodzi ya zithunzi 24, mlendo anaisiya pa loji ku Chembe komwe amagwira ntchito mng'ono wanga Mariamu.

Filimu ndaika ndekha. Ndatseka, ndakoka kachitsulo koyendetsera filimu, nambala yafika pa 1. Amayi akuti ndikafunse Che Ajibu, amene ankatsuka zithunzi ndi ababa. Ndikafunse chiyani? Magazi ndi omwewo.

Dongosolo: ziwiri zoyesera, 22 za Loweruka, kuti wina akaphethira tibwereze.

Lachiwiri

Ndalakwitsa kuyesera pakhonde. Ndajambula mbuzi ndi chitseko, ndipo aneba athu, Abiti Daudi, andiona kudzera kumpanda. Sipanapite nthawi, awa atulukira ndi chitenje chatsopano, chizindikiro cha kusitolo chikadali pomwepo.

"Kamodzi kokha, mwanangu. Ababa ako sankandikaniza."

Ndajambula. Akuzungulira kumbuyo kwanga, akuti aone. Ndawauza kuti kumbuyoku kulibe choonera, mpaka filimu ikatsukidwe ku Blantyre. Andiyang'ana ngati ndawabisira ndiwo. Madzulo abweranso ndi mapasa a mwana wawo, aliyense payekha chifukwa akuti amasiyana makutu.

Zatsala 19.

Lachitatu

Mudzi wonse wamva. Amene ndajambula lero:
wa kabaza, atakhala pa njinga yamoto ya abwana ake;
asodzi awiri atanyamula kampango (kawiri, kampangoyo anagwedezeka);
mayi wogulitsa usipa, amene sindikumudziwa n'komwe;
mwamuna wa Mariamu, maso otseka;
mwamuna wa Mariamu, maso otsegula.

Zatsala 13! Ndalumbira kuti basi. Woyamba kukumana ndi lumbirolo ndi azakhali, mlongo wawo wa ababa. Ndawakana mwaulemu wonse, nditagwada. Achoka osatsanzika. Pa geti akuuza mbuzi kuti: "Kamera ya mchimwene wanga yajambula nsomba, ine ayi."

Lachinayi

Ndapeza nzeru. Munthu akabwera ndikumuimika bwino, ndikukweza kamera, ndikuliza lilime kuti kha, osadina. Anthu anayi apita akusangalala. Mtima ukundiluma pang'ono, koma filimu ili bwino.

Azakhali abwera masana ndi anzawo awiri ngati mboni. Ndaliza lilime. "Iwe, kamera iyi ndinaimva usanabadwe. Dina." Ndadina katatu, aliyense chake.

Yusufu akuti Loweruka ajambulenso ndi foni, mwina mwake. Zandipweteka. Ndamuuza kuti tsiku limenelo mafoni onse akhale m'matumba, ntchito ya ababa si yoikira mlonda. Waseka, wavomera.

Zatsala 10.

Lachisanu

Ndabisa kamera m'dengu la zovala. Sizinathandize. Potuluka ku mzikiti amalume abwera ndi akuluakulu anzawo, onse m'makanzu oyera mbee, ndevu zopesa. Munthu ungawalizire lilime anthu otere?

Cha gulu, chimodzi. Kubwereza chifukwa wina anachedwa ndi nsapato, chimodzi. Amalume okha ndi ndodo, okha opanda ndodo. Enawo awiri sindikukumbuka kuti anandikakamiza bwanji.

Zatsala 4. Kamera ndaipereka kwa amayi kuti aikhalire, ndipo aikhaliradi, pansi pa mtsamiro wa pampando.

Loweruka

Mmawa, pansi pa mtengo wa mango. Amayi avala mpango wobiriwira umene ababa anawagulira, sanauvalepo chichitikire maliro. Akhala pakati. Yusufu kumanja, ang'ono anga Mariamu ndi Hawa kumanzere, ine ndasiya malo anga kumbuyo. Mtunda ndi kuwala ndakonza ndekha, mwamuna wa Mariamu ntchito yake ndi kudina basi. Mafoni m'matumba, monga ndinalamulira.

21, 22, 23, 24. Palibe waphethira. Amayi agwira dzanja la Yusufu zithunzi zonse zinayi osalisiya, ndipo ine misozi ikulengeza, chifukwa ndikuona kuti ndachita chinthu chimodzi cholongosoka pa moyo wanga.

Tamuperekeza ku basi. Wapita.

Pobwerera ndakoka kachitsulo kuti ndimve filimu ikukana, monga imachitira ikatha. Sikukana. 25. 26. Ababa ankati nthawi zina filimu imapereka basela. 29. 31. Basela wamtundu wanji ameneyu?

Lamulungu

Ndapita kwa Che Ajibu. Safunsa anadya phula.

Akoka kachitsulo kamodzi, maso ali pa kachigubu kobwezera filimu, kakumanzere. "Kakuzungulira?" Sikakuzungulira. "Ababa ako ankayang'ana apa. Nambala imayenda ngakhale mkati mulibe kanthu." Alowetsa kamera m'jekete lakuda, manja m'mikono, apapasa mkatimo, apukusa mutu. Nsonga ya filimu sinakole m'mano. Ili pomwe ndinaisiya Lolemba.

Choncho kulibe mbuzi, kulibe mapasa, kulibe kampango, kulibe makanzu. Amene ndinawalizira lilime ndi amene ndinawadinira alandira zofanana. Azakhali ndinakangana nawo pachabe. Ndipo kulibe Yusufu atagwirana dzanja ndi amayi, ngakhale pafoni, chifukwa cha pakamwa panga.

Ndawapeza amayi akusankha mpunga. Ndawauza zonse nditaima patali. Ndimayembekeza mawu, koma angopitiriza kutola timiyala.

"Ndiye filimuyo ikadali yonse?"

Ndati ikadali yonse.

"Uisunge, Yusufu akadzabwera." Atola kamwala kena. "Koma chimodzi undijambule lero, ndekha. Akadzapeza kulibe ine, mudzachigwire pakati panu pojambulitsa."

Apita kukavala mpango uja. Filimu yaikidwa ndi Che Ajibu, ndipo pokoka ndayang'anitsitsa kachigubu. Kazungulira. Kudina kwandivuta, galasi limachita chifunga, mpaka amayi andikalipira kuti dzuwa likuwaotcha.

Abiti Daudi ali kumpanda, akufunsa kuti za mapasa zituluka liti. Ndawauza kuti ku Blantyre ndi kutali.

Zatsala 23. Kamera yabwerera m'sutikesi. Zaka zitatu, akuti.