Kusaka Munthu Amene Mapilisi Amupweteka

Lolemba
Sabata yomaliza ya maphunziro anga a pa intaneti a chitetezo cha mankhwala! Akuti "phunzirani paliponse, nthawi iliyonse." Amene analemba mawuwa sanapondeko kuno ku Chifunda. Ntchito yatsala ndi yopepuka: kupeza wodwala mmodzi amene mankhwala amuwononga m'thupi, kulemba dzina la mankhwalawo, kutumiza pofika Loweruka. Ndikakhoza, ndipempha kusamukira ku Chipata kumene kuli mkazi wanga Tisa. Ndikalephera, chaka chinanso chodziphikira.
Zofunika:
- wodwala
- netiweki (imapezeka pa chulu kuseri kwa kiliniki)
- njovu zisafune chulu chomwecho

Lachiwiri
Pa windo logawira mankhwala ndikufunsa aliyense. A Goma, mlimi wa chimanga: "Aja munandipatsa anandizunguza mutu, ndinasanza mpaka kugwa m'munda." Mtima wanga mbee! Cholembera m'manja. "Ndiye ndabwerera omwewo, ba dokota. Amenewo ndiwo mankhwala!" Ndikuti tilembe lipoti. Akana kwamtuwagalu. Akuti ndikalemba boma liwachotsa, atsala ndi ozizira. Kuno mankhwala osakugwetsa pansi ndi maswiti.

Lachitatu
Mbiri yawanda kuti ndikufuna kuneneza mapilisi ku boma. Lero palibe akudandaula. Mayi wina milomo yotupa, akudzikanda mpaka m'khutu, koma akuti ali bwino: "Nili makora, yewo." Masana kalasi pa chulu. Netiweki yathawa, mphunzitsi wauma pa foni ali chiyasamire. Linthumbu lokha ndilo likuyenda, m'thalauzi langa.

Lachinayi
Njinga mpaka mudzi wakutali kumene mbiri yanga sinafike. Bambo wa zidzolo thupi lonse, ndipo wavomera kulembedwa! Wamwa chiyani? Wanditulutsira chitini: mapilisi otsala a mkazi wake, a mlamu wake, ndi ena akuganiza kuti anali a mbuzi. Dzina la mapilisiwo? "Aang'onoang'ono." Ndamulalikira kuti mankhwala sabwerekana ngati khasu. Pobwerera tcheni chaduka. Ndakankha njinga pa dzuwa lonse lija.

Lachisanu
Mutu ukung'ambika. Pa shelefu yathu mankhwala a mutu anatha kale, galimoto ya ku boma sinaoneke. Tisa watumiza uthenga kuti wagula kale makatani. Ndikufuna kulira. NyaKumwenda, mwini nyumba imene ndimakhala, wandipeza ndagwira mutu pakhonde. Wamasula mfundo ya chitenje, timapilisi tiwiri toyera. "Imwani mwanangu, musafere m'nyumba mwanga." Mkulu wakutambasulira dzanja, ukana bwanji? Ndameza. Ine yemwe, mlaliki wa dzulo!

Loweruka
Zidzolo! Milomo ngati mbatata! Kuyabwa! Koma taimani, wodwala ndamupeza, ndipo uyu sangakane kulembedwa. Chatsala ndi dzina la mankhwala basi.
- NyaKumwenda: anampatsa a Goma
- A Goma: anawapatsa msuweni wa ku Kambombo
- msuweniyo: alibe foni, anapita kukawedza

Ndakwera chulu ndikudzikanda. Ndalemba "oyera, aang'onoang'ono." Kompyuta yakana. Ndalemba "osadziwika." Yavomera! Pamene ndikuti ndidine kutumiza, alonda a nyama akukuwa kuti nditsike, njovu zili m'munda wa kiliniki. Ndatsika. Nthawi yatha ndili m'chimbudzi ndikubisala.

Lamulungu
Uthenga wa kusukulu wafika popanda vuto lililonse, ndili pabedi: ndisadandaule, maphunzirowa ndi omasuka, ndikhoza kubwereza chaka chamawa. Ndauza Tisa apachike makataniwo yekha. Wangofunsa ngati ndadya.
Kutchalitchi anthu akuyang'ana nkhope yanga mwaulemu waukulu. NyaKumwenda akuloza: "Onani, agwetsa ngakhale ba dokota!" Pakhomo pake pali kale mzere wa ofuna omwewo.
A Goma andigwira paphewa, andinong'oneza: "Manje mwawalawa nokha. Musakawaneneze."
Ndalonjeza. Dzina la mapilisiwo sindilidziwa n'komwe.