Njati Yanga ndi Kamphemvu ka Alamu

Lolemba

Nkhani yatha isanayambe n'komwe: Loweruka likubwerali mkwatibwi akwera Njati. Ndikulemba pano kuti zidzukulu zidzawerenge.

Njati ndi galimoto yanga. YachiMereka yeniyeni, yakuda bii, zitseko ziwiri, injini ya masilinda eyiti. Ndikailiza kuno ku South Bend, agalu a ku Michigan amayankha.

Mkwatibwi ndi Tadala, mwana wa achemwali awo a akazi anga a Nambewe. Ukwati uli ku Indianapolis. Chopinga n'chimodzi basi: alamu anga a Lameck, mlongo wawo wa a Nambewe, amene amagawa mankhwala pa chipatala china kumeneko. Chaka chatha anagula kagalimoto kofiira ka ku Italy, ka kaunjika, ndipo chigulireni khosi lawo silitembenuka. Akuti mwana akwera ya malume ake. Ine kagalimotoko ndimakatcha Kamphemvu. Kamayenda mimba ili pansi, kakhoza kulowa kunsi kwa firiji.

Zomwe yachiMereka imaposera yachiItaliya:
1. Mawu. Yanga imabangula. Yawo imalira ngati udzudzu wa m'khutu.
2. Yanga umakhala ngati bwana. Yawo umagona chagada ngati akukupima mimba.
3. Yanga ikadwala, sipanala imodzi yachira. Yawo amadikira nati imodzi miyezi itatu kuchokera kutsidya la nyanja.
4. Buti. Yanga mbuzi ziwiri zimalowa. Yawo ili kutsogolo, eti! Mumalowa nsapato imodzi, inayo uigwire pamanja.
5. Ndi yanga.

Pa gulu lathu la azibambo la pa foni tabetcherana. Amene galimoto yake sinyamula mkwatibwi adzatsuka ya wopambana Lamulungu, anthu akuona, atavala suti ya ukwati. Azibambo onse ndi mboni. Komiti ya ukwati igamula Lachinayi.

A Nambewe akuti, "Bwanji osangotenga veni yanga?" Ndaseka mpaka kutsamwa tiyi. Veni! Bokosi la buledi lija la mipando seveni, lodzaza nyenyeswa za mabisiketi!

Alamu, gulani sopo.

Lachiwiri

Ku weyahausi kumene ndimagwira ntchito, folokilifti yonyamulira katundu ndikuiyendetsa ngati ndanyamula mkwatibwi. Pang'onopang'ono, dzanja limodzi likubayibitsa. Abwana akufunsa ngati ndikudwala.

Ndaweruka thuu koloko. Kutsuka. Kupolisha katatu. Boneti ikuwala mpaka mbalame ina yabwera kudzamenyana ndi chithunzi chake.

Mzungu wokalamba woyandikana naye nyumba waima pa mpanda, akuti mzinda uno kale unkapanga magalimoto, ndipo akamva Njati amakumbuka unyamata wake. Ndikuona ngati wagwetsa msozi. Ndi mmene zilili, zinthu zabwino zimaliza anthu.

Kenako foni. Alamu atumiza mawu pa gulu: ajambula injini ya Kamphemvu, nyiiii, nyiiii, kenako mawu awo: "Imeneyo ndi nyimbo, alamu. Yanuyo ndi chigayo."

Chigayo! Azibambo akuseka, ena akutumiza zithunzi za matumba a chimanga.

Chabwino. Ndapita kwa makaniko wanga kuti achotseko sailensa ku ekizozi. Akufunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndatsimikiza kanayi.

Tsopano ndikaliza, mbale zikuvina mu kabati. Mzungu uja watseka zenera. Misozi yamuchulukira, ndikuganiza.

Zogula: maliboni oyera, mabaluni, kabotolo ka zonunkhiritsa m'galimoto.

Lachitatu

Kuyeserera. Munthu wanzeru sadikira tsiku.

A Nambewe avomera kukhala mkwatibwi wongoyeserera, malinga ndikatsuka mbale sabata yonse. Diresi tilibe, ndiye ndawakulunga chibulangete chachikulu chija cha nthawi ya chipale, n'kumanga lamba m'chiuno.

Ndondomeko yake: kupinda mpando wakutsogolo, kuwerama, mwendo, mutu, kenako zinazo.

Mwendo walowa. Mutu walowa. Zinazo zakana.

"Ndikokeni!" Ndikukoka. "Musandikoke!" Ndasiya. "Mwangoima bwanji?"

Mzungu uja wathamanga kudzathandiza, akuyesa tikulowetsa matilesi. Waona matilesi ali ndi phazi. Wabwerera mwakachetechete.

Mphindi khumi ndi ziwiri. Atuluka chafutambuyo, duku latsala m'kati. Apita ku khitchini kukatakasa thobwa la ukwati, poti komiti inawapatsa ntchito imeneyo. Mmene akutakasiramo, ndikuona kuti m'poto akuonamo nkhope yanga.

Zomwe ndaphunzira: Njati ilibe vuto. Vuto ndi bulangete. Ndipo Tadala ndi wochepa thupi. Zikavuta akhala kutsogolo, pafupi ndi ine, anthu azituona bwino tonse awiri.

Lachinayi

Ndapempha ofu. Maola awiri ndi theka pa msewu wa 31, minda ya chimanga mbali zonse. Njati yamwa petulo kawiri. Nyama yaikulu imamwa, n'zachilengedwe.

Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, kunyumba kwa Mayi Chirwa, apampando a komiti. Ndi nesi, saseka asanamalize ntchito. Alamu afika kale, apaka Kamphemvu mopingasa kuti aliyense akaone. Kuti atuluke m'menemo amayamba aika dzanja pansi. Ndawaombera m'manja.

Diresi amuna sitiloledwa kuliona, ndiye Mayi Chirwa atulutsa chingelengele cha m'kati mwa diresi chokha. Abale inu! Chikulu ngati tayala la thirakitala.

Kenako lamulo. Mkwatibwi sakwera yekha, ndipo sakhala kutsogolo. "Kutsogolo amakhala kondakitala," akutero Mayi Chirwa. Okwera naye:
azakhali ake, amene abwera sabata yatha kuchokera ku Dedza kudzamulangiza;
womugwirizira;
ana awiri a maluwa.

Mipando ya Kamphemvu: iwiri, umodzi ndi wa dalaivala.

Alamu akuti, "Kanga n'kothamanga, ndichita maulendo asanu." Mayi Chirwa angowayang'ana pamwamba pa magalasi. Basi, atuluka mu mpikisano! Ndavina pa kapinga. Ndawafunsa ngati akufuna siponji kapena nsanza.

Nthawi yanga. Azakhali atuluka, chitenje chatsopano, akuzungulira Njati kawiri. Akuwerenga zitseko ndi chala.

"Galimoto yaikulu chonchi, zitseko zinazo anakuberani?"

Ndafotokoza kuti ndi mmene amapangira, ndi sitayilo. Ndapinda mpando, ndawasonyeza polowera.

"Ndilowe chokwawa ine? Apongozi akuonera kumbuyo?"

Kuti ndiwakope mtima ndaliza injini. Khanda la m'nyumbamo layamba kukuwa. Belu loopseza mbava la galimoto ya eni nyumba ina lalira. Azakhali agwira pamtima: "Nanga mwanayu ndidzamulangiza bwanji m'chigayo chimenechi?"

Munthu wachiwiri kunena chigayo. Alamu awauza, sindikukayika.

Tadala akuseka mpaka kukhala pansi. Iye ndi wobadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi chothamanga. Zomwe ndatolapo: iye ngakhale wilibala, bola diresi lifike lamoyo.

Mayi Chirwa: "Tikuuzani mawa."

Ndikuona kuti ndapambana. Akungofuna alamu asalire pagulu.

Lachisanu

Seveni koloko: foni zii. Akukonza mawu oyamikira.

Naini koloko: uthenga. Mkwatibwi akwera veni ya a Nambewe, woyendetsa a Nambewe eni ake. VENI! Ine ndinyamula mkwati. Chabwino, mkwatinso ndi munthu. Popanda iyeyo ukwati kulibe. Kunena zoona ndiye wofunika kwambiri.

Teni koloko: mkwati ndi wamtali, ndipo akwera ndi ankhoswe ake awiri. Ankhoswe amva za kukwawa. Ine ndinyamula anyamata operekeza.

Leveni koloko: anyamata akuti masuti ndi obwereka, angakwinyike.

Thwelofu koloko: keke. Ulemu waukulu umenewu! Keke ya nsanjika zitatu!

Thwelofu koloko ndi mphindi zisanu: wopanga keke wamva Njati pa foni. Akuti ayi, keke yake ingagumuke ndi mawu okha.

Wani koloko: thobwa.

A Nambewe anyamuka ndi veni kupita ku Indianapolis kuti akaikongoletse. Atenga maliboni anga. Atenga mabaluni anga. Zonunkhiritsa zija atenganso. Andisiyira mabigiri atatu a thobwa ndi mawu awa: "Muyende ngati munthu wamkulu."

Chondisangalatsa: alamu nawo apatsidwa ntchito. Anyamula mpeni wodulira keke. Mayi Chirwa ayeza, ndi chokhacho chomwe chikukwana.

Pa gulu ndalemba kuti kubetcha kuja palibe wagonja. Azibambo akuti tikambirana mawa. Sindikukonda kasekedwe kawo.

Komabe taganizani: ukwati wopanda thobwa ndi msonkhano chabe. Amene wanyamula thobwa wanyamula ukwati wonse.

Loweruka

Mabigiri awiri mu buti. Bigiri lachitatu pa mpando wakutsogolo, ndalimanga lamba ngati mkwatibwi. Ndalitsegulira chitseko mwaulemu.

Dzuwa likutentha. Thobwa la Lachitatu, likukhutchumuka maola awiri ndi theka. Pofika ku Kokomo chivindikiro chatupa ngati tsaya la mwana wodwala matsagwidi. Ndikuliyankhula kuti lipirire.

Ku tchalitchi zayenda bwino. Veni yavala maliboni anga, chitseko chake chikutseguka chokha, Tadala walowa choimirira ndi diresi lonse, azakhali pambali pake akuyamba kale malangizo. Amayi akululutira. Akululutira bokosi la buledi!

Mdipiti wopita ku holo: veni patsogolo, magalimoto ambirimbiri, mahutala, zitenje pa mawindo. Kumapeto kwenikweni ine ndi alamu. Thobwa ndi mpeni.

Maloboti afiira, mdipiti watisiya. Tili awiri, mbali ndi mbali, mu mzinda wa mpikisano wa magalimoto. Alamu atsitsa galasi. Akuyang'ana m'mwamba kuti andione, poti ali pansi penipeni.

"Chigayo chatsegula lero?"

Nyiiii, nyiiii.

Ndinalonjeza kuyenda ngati munthu wamkulu. Ndinalonjezadi. Koma phazi silinalonjeze.

Gilini!

Njati yadumpha ngati yalumidwa ndi mavu. Ndatsogola! Galimoto yathunthu patsogolo! Ndikukaona Kamphemvu pa galasi, kang'onong'ono!

Phuu!

Chivindikiro chagunda denga. Thobwa pa chiongolero, pa wailesi, pa galasi, m'khutu, m'thumba la jekete, m'nsapato. Ndayatsa mawaipa, kuiwala kuti mvulayi ili m'kati. Ndaima pambali. Alamu adutsa akuimba hutala yawo ya njinga.

Ndafika pa holo ndikudontha. Ndikupeza chiyani? Pa geti pali hampu. Veni yadutsa, magalimoto onse adutsa. Kamphemvu kakhala pamwamba pa hampu ndi mimba, matayala akungozungulira. Katseka njira yonse. Anyamata operekeza aja, oopa kukwinya masuti aja, akukanyamula asanu ndi mmodzi ngati bokosi la maliro. Mpeni wa keke alamu autulutsira pa windo.

Ndaseka mpaka thobwa latuluka m'mphuno.

Mabigiri a mu buti apulumuka. Anthu amwa kapu imodzi imodzi. Azakhali andinunkhiza, akuti, "Apa ndiye mwanunkhira kwathu." A Nambewe angondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Bola akanakalipa.

Pakati pa pelekanipelekani wolengeza waimitsa nyimbo. Akuti azibambo akhala pansi, aunika kubetcha kuja. Wopambana ndi galimoto yomwe yanyamula mkwatibwi. Ogonja ndi awiri. Holo yonse yaimirira.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi, pabwalo pa Mayi Chirwa. Anthu atulutsa mipando, ena mafoni m'mwamba. Ine ndi alamu, masuti a ukwati, ndowa imodzi. Suti yanga yauma gwa ngati chikopa, ntchentche zikundiperekeza.

Iwo mbali ya kumanzere ya veni, ine ya kumanja. Denga ndi langa, poti alamu azolowera zinthu za pansi. Azakhali akuyendera ndi chala: "Apa simunafike." A Nambewe akhala pa mpando wa pulasitiki, miyendo yopingasa, makiyi akuwazunguza pa chala.

Tikupukuta m'kati, alamu akunong'ona kuti Njati imanyamuka bwino pa maloboti. Ine ndawauza kuti Kamphemvu n'kokongola kakaima. Kupitirira pamenepo sindingathe.

Kenako alamu adina batani. Chitseko chatseguka chokha. Adinanso, chatseka. Tasinthana. Tawerenga moikamo makapu, tafika khumi ndi awiri.

"Alamu, injini yake ndi masilinda angati?"

"Sikisi," ndawayankha.

Tonse tagwedeza mutu mwaulemu.

Pobwerera ku South Bend mawindo onse pululu, Njati ikununkha ngati tsiku lachitatu la chinkhoswe. Njuchi ziwiri zakwera ulere. Ndili pa filingi siteshoni ku Kokomo, veni yadutsa, maliboni akadali pompo, hutala kawiri.

Pa gulu asintha dzina langa. Tsopano ndine Bambo a Chigayo. Mawa ndikabwezeretsa sailensa. Mbale zikundidikira mpaka Lachitatu.

Ndavomera zonse. Koma pa maloboti paja ndinatsogola ndine, galimoto yathunthu. Zidzukulu, tsamba la Lolemba lija ling'ambeni, muyambire pa Gilini, mulekezere pasanafike Phuu.